Njala Siyang'ana Kalenda: Mau Amene Tinalankhula kwa Amalonda pa Mwami

Sindidzakutayirani nthawi, ndidziwa makasitomala sadikira.

Mukumbukira 2024. Pa 29 February, President Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala chija ndi tsoka la dziko lonse. Chimanga cha mahekitala pafupifupi 1 miliyoni chinapserera m'munda, ndipo maboma 84 pa 116 anakhudzidwa. Madzi ku Kariba anatsika, malaiti anayamba kupita mpaka maola 21 pa tsiku. Amene mugulitsa nsomba ndi nyama za m'firiji, a barbershop, a welding, mudziwa zimene munataya.

Boma linabweretsa thandizo, ndipo zoona tizinena. Kunali Emergency Cash Transfer, K400 pa mwezi. Kunali Cash for Work, K60 pa tsiku kwa masiku 10, ndiye K600. Ndalama zija zinapulumutsa mabanja. Zinapulumutsanso inu, chifukwa wolandira K400 sapita nayo ku Lusaka. Amabwera nayo pano kugula pamela, kapenta, tomato, saladi.

Vuto lili apa: thandizo la emergency lija analiikira miyezi 12. Manje funso langa ndi ili: pakatha miyezi 12, nchito imabwera yokha? Mvula ingagwe bwino, chimanga chingadzaze nkhokwe kumudzi, koma munthu wa m'tauni alibe munda. Amadya za m'thumba. Mai amene anadya kapito yake nthawi ya chilala, analowa kaloba, anatuluka mu chilimba chifukwa cholephera kuponya, ameneyo sachira ndi mvula imodzi.

Ine ndili ndi diploma, ndipo makalata ofunsira nchito ndalemba mpaka kutopa. Social Cash Transfer ya masiku onse ili ya okalamba, olumala, odwala kwambiri ndi mabanja osowa owasamala, ndipo n'koyenera. Koma mnyamata wamphamvu zake amene amaimirira pa border tsiku lonse kudikira katundu wonyamula, amauzidwa kuti "iwe ndiwe wamphamvu, kagwire nchito." Akaigwire kuti?

Nkhaniyi si ya kuno chabe. Ku America, lamulo la 1996 linati munthu wamkulu wamphamvu, wopanda ana, alandire thandizo la chakudya miyezi 3 chabe pa zaka 3 ngati sagwira nchito. Koma lamulo lomwelo linasiya khomo: kumene ulova wapitirira 10 peresenti, malire aja angachotsedwe. Anazindikira kuti sungalange munthu chifukwa chosowa nchito imene kulibe.

Ndiye tipempha zinthu zitatu.

Choyamba, thandizo lisamathe chifukwa tsiku lakwana. Lizitha pamene zinthu zasintha. ZamStats imalengeza mitengo mwezi uliwonse ndipo imawerenganso ulova. Boma liike muyeso poyera: unga ukatsika kufika apa, nchito zikapezeka kufika apa, ndiye thandizo lichepe pang'onopang'ono.

Chachiwiri, pa nthawi ya mavuto, anthu a m'misika ndi achinyamata osowa nchito alembedwe nawo, ndipo mayina aikidwe poonekera, osayang'ana chitenje cha chipani chimene munthu wavala.

Chachitatu, wogwira Cash for Work alipidwe pa nthawi yake. Wogula pa ngongole pa tebulo panu amadikira ndalama yomweyo, ndipo inu mumadikira iye kuti mukaode.

Zimenezi sizidzachitika tikakhala chete. Muli ndi khansala, muli ndi Ward Development Committee, muli ndi MP. Sabata ino tidzayenda ndi pepala kuyambira pano pa Mwami mpaka ku Kapata ndi Saturday Market. Lembani dzina, lembani malonda anu, lembani zimene munataya. Amene simutha kulemba, achinyamata adzakuthandizani. Tikamaliza, tidzapereka pepalalo ku khonsolo ya Chipata, ndipo yankho tidzakuwerengerani pano pomwe.

Bwererani ku matebulo, Mulungu adalitse malonda anu.