CHAKUDYA CHIKAMUWENGA MWANA, CHIGAMULO NCHA DOKOTALA



Alipo ana amene akadya mtedza, dzira, nsomba kapena mkaka, pasanathe maola awiri thupi limatuluka zidzolo zoyabwa, milomo nkutupa, ndipo nthawi zina kukhosi kumathina mpaka mpweya kubanika. Makolo amati chakudya chamuwenga, ndipo salakwa. Olakwa ndi aja othamangira kuloza chala mnansi kuti wamudyetsa mwana mankhwala. Asilikali a m'thupi la mwanayo ndiwo asokonezeka, naona chakudya chabwino ngati mdani. Chida chimene amamenyera nkhondo yopanda pakeyi madokotala amachitcha IgE, ndipo chinadziwika m'zaka za 1966 ndi 1967 ku America ndi ku Sweden.

Poyeza, dokotala amadontheza timadzi ta chakudyacho pamkono, nabaya khungu pang'ono; pakatha mphindi 15 amaona ngati patupa kufika mamilimita 3. Angathenso kuyeza IgE m'magazi. Tsono apa mpofunika kutchera khutu: anthu ambiri amene khungu lawo limatupa poyezedwa amadya chakudyacho osamva kanthu. Kuyezaku ndi mboni chabe. Mlandu umagamulidwa pamene mwana apatsidwa chakudyacho pang'onopang'ono m'chipatala, dokotala ali pambali ndi jakisoni wa adrenaline. Kuyesa zoterezi pakhomo nkusewera ndi moyo.

Nchifukwa chake mtsogoleri sayenera kukhala chete akaona mwana akumanidwa chakudya pongomuganizira. Mwana wa kumudzi amene phala lake limakoma ndi nsinjiro, akachotseredwa mtedza, nachotseredwanso dzira, watsala ndi chiyani? Watsala ndi ufa ndi madzi, ndipo kunyentchera sikuchedwa. Ndiponso kusala msanga kungathe kuitana vuto lomwe kholo likuthawalo. Mu 2015 a Gideon Lack ndi anzawo ku London, atatsatira makanda 640 amene anali kale ndi nthenda ya khungu kapena owengedwa ndi dzira, anapeza kuti kuyamba mtedza wopera asanakwane chaka kunachepetsa kuwengedwa ndi mtedza ndi magawo pafupifupi 80 mwa 100. Mtedza wosasinja ayi, pakuti umatsamwitsa khanda.

Koma mwana amene wayamba kubanika atangodya asagonekedwe kuti aonedwe kukacha. Njinga ipezeke, galimoto iimitsidwe, apite ku chipatala nthawi yomweyo, ndipo womuperekeza akanene chimene mwanayo wadya ndi nthawi imene anadyera.