Nsima Ikakana Kutsika

Lero tikambirana za kulephera kumeza.

M'midzi mwathu muli anthu amene sangadye nsima popanda madzi pambali. Mbamu iliyonse amachita kuikankha ndi madzi. Ena amaimirira pakati pa chakudya n'kumadziguguda pachifuwa. Ena adasiya kudya pagulu chifukwa cha manyazi. Achibale amati ndi chilungulira, kapena amati munthuyo adadyetsedwa. Tsono tiyeni tione chimene chimachitika m'thupi.

Njira ya chakudya

Tikameza, chakudya chimatsika m'njira ya mnofu yochokera kukhosi kukafika m'chifu. Njira imeneyi ndi mmero. Mwa munthu wamkulu, mmero ndi wotalika pafupifupi masentimita 25. Umafinya chakudya n'kumachitsitsa, monga achitira wokama ng'ombe. Kumapeto kwake kuli kakhomo ka mnofu. Kakhomoka kamakhala kotseka kuti zam'mimba zisabwerere. Chakudya chikafika, kamatseguka. Timene timakauza kuti katseguke ndi timitsempha ting'onoting'ono ta m'kati mwa mmero.

Taganizani za khola la ng'ombe. Madzulo ng'ombe zabwera kuchokera kubusa, koma wotsegula chipata palibe. Ng'ombe zimangounjikana panja. Ndi mmenenso zimakhalira timitsempha tija tikafa. Kakhomo sikatseguka bwino, ndipo chakudya chimaunjikana mummero. Pakapita zaka, mmero umafutukuka ngati thumba. Matenda amenewa madokotala amawatcha achalasia, pa Chipwitikizi acalasia. Ndi mawu a Chigiriki, otanthauza kulephera kumasuka.

Chimayambitsa ndi chiyani?

Matendawa ndi akale. Dokotala wa ku England, Thomas Willis, adalemba za iwo m'chaka cha 1674. Sagwira anthu ambiri: pa chaka amapezeka mwa munthu mmodzi kapena awiri pa anthu 100,000 alionse. Amagwira amuna ndi akazi omwe, makamaka a zaka zapakati pa 25 ndi 60.

Madokotala ambiri akuganiza kuti gwero lake ndi chitetezo cha m'thupi. Ntchito ya chitetezo ndi kulimbana ndi tizilombo. Koma nthawi zina chimasokonezeka n'kuyamba kuwononga timitsempha ta mwini wake, mwina munthu atadwalapo matenda ena a tizilombo. Mwa anthu ochepa kwambiri matendawa amakhala akumtundu. Ku Brazil ndi maiko oyandikana nako kuli matenda ena otchedwa Chagas, amene Carlos Chagas adawatulukira mu 1909. Amafala ndi kachilombo koyamwa magazi usiku ngati nsikidzi, ndipo amawononga timitsempha tomweti. Koma matenda a Chagas safala kuno kwathu.

Dziwani izi: achalasia si yopatsirana. Mukhoza kudyera mbale imodzi ndi wodwala. Sibwera chifukwa chodyetsedwa, ndipo palibe munthu woyenera kumuloza chala.

Zizindikiro zake

1. Chakudya chimaima pachifuwa. Nsima imavuta, madzinso amavuta.
2. Chakudya chimabwerera kukamwa chosagayika, chosawawasa, pamodzi ndi malovu ambiri.
3. Usiku munthu amatsamwa ndi kutsokomola, chifukwa akagona zotsalira mummero zimakwera. Zikalowa m'mapapo zimayambitsa chibayo.
4. Pachifuwa pamapweteka kapena pamatentha, ndipo mankhwala a chilungulira sathandiza kwenikweni.
5. Kugeya kumavuta.
6. Munthu amawonda pang'onopang'ono.

Zizindikirozi zimakula mwakachetechete, miyezi yambiri ngakhale zaka.

Matenda ena otsekereza mmero

Apa mumvetsetse bwino. Kuno kwathu, munthu akamalephera kumeza, kawirikawiri chifukwa chake si achalasia. Alipo matenda ena oopsa koposa, ndiwo khansa ya kummero. Khansa imeneyi ndi yofala kum'mawa ndi kumwera kwa Africa. Malawi, dziko loyandikana nafe, lili m'gulu la maiko amene khansayi yachuluka kwambiri pa dziko lonse lapansi.

Khansa imayenda mofulumira. Poyamba munthu amalephera nyama ndi nsima yolimba. Pakapita masabata kapena miyezi yochepa amalephera phala. Pomaliza amalephera madzi, ngakhale malovu. Amawonda msanga. Achalasia imayenda pang'onopang'ono, ndipo madzi amavuta kuyambira pachiyambi. Komabe munthu sangasiyanitse yekha kunyumba. Wosiyanitsa ndi dokotala.

Zimene zimaputa khansayi ndi monga kusuta fodya ndi kumwa kachasu. Ofufuza ku Malawi ndi ku Tanzania adapezanso kuti anthu okonda kumwa tiyi kapena phala lotentha kwambiri ali pa chiopsezo chachikulu. Choncho lekani phala lipole pang'ono musanamwe.

Palinso zifukwa zina ziwiri. Munthu amene chitetezo chake chatsika ndi HIV amatha kutuluka zoyera m'kamwa ndi kummero, ndipo kumeza kumapweteka. Izi zimachira ndi mankhwala a kuchipatala. Mwana akamwa soda wopangira sopo, mmero umapsa n'kuchepa. Soda ameneyu muziika kutali ndi ana, ndipo musamamusunge m'botolo la zakumwa.

Tichite chiyani?

Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Ngati kumeza kwakhala kukuvuta kwa masabata awiri kapena atatu, pitani kuchipatala. Musadikire kukolola, musadikire kugulitsa fodya. Ngati madzi akukanika, pitani tsiku lomwelo.

Mukafika, fotokozani zinthu zinayi: vuto lidayamba liti, chimene chikukana ndi nsima yokha kapena ndi madzi omwe, chakudya chikubwerera kapena ayi, ndiponso ngati zovala zayamba kukhwepa. Anamwino akaona kuti n'kofunika, adzakupatsani kalata yopita ku chipatala chachikulu ku Tete. Matenda ofuna zipangizo zambiri amatumizidwa ku Beira kapena ku Maputo. Kalatayo muisunge bwino. Poti tsopano mukuphunzira kuwerenga, tsiku lolembedwapo mudzaliwerenga nokha.

Poyeza, madokotala amamwetsa wodwala madzi oyera ngati mkaka n'kumujambula pachifuwa. Ngati ndi achalasia, kumapeto kwa mmero kumaoneka kosongoka ngati mlomo wa mbalame. Amalowetsanso kachubu kokhala ndi nyali kuti aone ngati muli chotupa.

Timitsempha takufa sitimeranso, koma kakhomo kakhoza kutsegulidwa. Njira ina ndi kukafutukula ndi kabaluni. Njira ina ndi opaleshoni yocheka mnofu wa kakhomoko, imene dokotala wa ku Germany, Ernst Heller, adayamba kuchita mu 1913. Ambiri othandizidwa motere amayambanso kudya bwino.

Podikira ulendo, wodwala azidya pang'onopang'ono, kangapo pa tsiku, atakhala tsonga. Phala lothira nsinjiro, maungu, mazira ndi nthochi zakupsa zimamupatsa mphamvu. Asagone atangodya kumene, ndipo pogona atsamiritse mutu ndi chifuwa m'mwamba. Inu achibale musamuseke, ndipo musamusiye kudya yekha. Mperekezeni kuchipatala.



Mafunso

1. Kodi kakhomo ka kumapeto kwa mmero kamagwira ntchito yanji?
2. Tchulani zizindikiro zitatu za achalasia.
3. Kodi khansa ya kummero imayamba ndi kukana chakudya chotani?
4. Ndi zinthu zinayi ziti zimene muyenera kuuza anamwino?
5. Lembani m'kope mwanu mawu awa: mmero, chifu, mbamu, chipatala.