Chombo Chachikulu M'ngalande Yopapatiza

Mawu a lero: 2 Akorinto 4:7-9 ndi 6:11-13



Amene anasamukapo nyumba m'komboni muno akudziwa mmene zimakhalira. Galimoto imaima kumsewu, chifukwa njira yofika pakhomo ndi ya mapazi ndi wilibala basi. Mbali iyi kuli khoma la nyumba, mbali iyo mpanda wa aneba, pansi kangalande ka madzi akuda. Mapoto, mbaula ndi zovala zimadutsa mosavuta. Ntchito imakula ikafika nthawi ya sofa ndi wadiropu. Anyamata amayamba ayeza ndi manja, wina amatsogola chobwerera m'mbuyo, wina amakuwa kuti, "Pendeketsani pang'ono! Imani, imani!" Palibe amene amathamanga, ndipo sitinaonepo mwini katundu akutenga sowo kudula sofa yake kuti ikwane m'njiramo.

Zimene timachita ndi sofa m'tinjira tathu, anthu a kunyanja amachita ndi zombo. Ku Greece, pafupi ndi mzinda wa Korinto umene Paulo anaulembera makalata, kuli kamtunda kopyapyala kolekanitsa nyanja ziwiri. M'masiku a Paulo panalibe ngalande. Zombo zing'onozing'ono ndi katundu ankazikoka pamtunda pa msewu wa miyala, ndipo zombo zazikulu zinkazungulira ulendo wautali ndi woopsa. Mfumu Nero inayambitsa ntchito yokumba m'chaka cha 67, koma ntchitoyo inaima mfumuyo itafa. Ngalandeyo inadzatsegulidwa mu 1893. Ndi yaitali makilomita 6 ndi pang'ono, yosemedwa m'thanthwe, makoma ake ndi aatali kwambiri, ndipo m'lifupi mwake pamwamba pa madzi ndi mamita 24 okha ndi kachidutswa.

Pa 9 Okutobala 2019, chombo chonyamula anthu chotchedwa Braemar chinalowa m'ngalande imeneyi. Kutalika kwake kunali pafupifupi mamita 196, m'lifupi mamita 22 ndi theka, ndipo munali apaulendo oposa 900. Mukawerengera muona kuti mbali iliyonse panatsala mpata wa pafupifupi mita imodzi, ngati utali wa mkono wa munthu wamkulu ndi pang'ono. Chinayenda pang'onopang'ono, boti laling'ono lamphamvu likuchikoka ndi chingwe kutsogolo, mpaka chinatulukira nyanja ya tsidya lina ndi anthu ake onse.

Abale ndi alongo, mabanja ambiri a m'komboni muno ndi zombo zazikulu. M'nyumba ya zipinda ziwiri mumagona bambo, mayi ndi ana awo, komanso ana a malemu achemwali, agogo amene anabwera kuchipatala kuchokera ku Petauke kapena ku Katete n'kulephera kubwerera, ndi mlamu amene akufunafuna ntchito. Banjalo lakula chotero chifukwa cha chifundo cha eni nyumba. Koma ngalande imene tikudutsamo ndi yopapatiza. Tikukumbukira chaka cha 2024: mu Januwale kolera inavuta mpaka bwalo la National Heroes Stadium, limene tikuliona apa pafupi, linasanduka chipatala, ndipo sukulu zinachedwa kutsegulidwa. Kumapeto kwa Febuluwale boma linalengeza kuti chilala ndi tsoka la dziko lonse. Malaiti ankazima maola ambirimbiri, ometa tsitsi ndi owotcherera zitsulo n'kumangokhala, unga ndi malasha zikukwera mtengo. M'nyumba zambiri mavutowa sanathebe. Mbali iyi kuli lendi, mbali iyo kuli chakudya, ndipo banja lonse liyenera kudutsa pakati.

Zikafika potere, maganizo amene amabwera usiku ndi akuti chombo chichepe. Bambo amayamba kuwerenga mbale za nsima. Mayi amayamba kuona kuti mwana wamasiye uja amadya kwambiri. Mawu amayamba kutuluka: "Kodi kwanu kulibe abale ena?" Mwana wa eni nyumba amagulidwa yunifomu, wamasiye n'kuuzidwa kuti ayembekeze chaka chamawa, atsale akugulitsa vitumbuwa. Mtsikana wa zaka 15 amayamba kumufunira mwamuna kuti pachepe pakamwa pamodzi. Sitikunena za anthu oipa a kutali. Maganizo amenewa amatifikira ifeyo, Akhristu opita kutchalitchi, thumba la unga likafika pansi.

Paulo anakhala ku Korinto chaka ndi miyezi 6, akusoka mahema pamodzi ndi Akula ndi Priskila kuti apeze chakudya. Ankadziwa njala, ndende ndi kukwapulidwa. M'chaputala 4 akufotokoza kuti iye ndi anzake ankapanikizidwa mbali zonse, koma sanatsekeredwe. Liwu la Chigriki limene anasankha pamenepa limanena za malo opapatiza pomwe munthu sangathe kutembenuka kapena kupitirira. Kupanikizidwa akukuvomereza, koma akukana kuti njira yatsekeka. Tsono m'chaputala 6 akubwereza liwu lomwelo powadzudzula Akorinto. Akuwauza kuti mtima wake ndi wotambasuka kwa iwo, koma iwowo ndiwo apapatiza chikondi chawo, ndipo akuwapempha ngati ana ake kuti akuze mitima. Phunziro lathu lero lagona pamenepo. Kupapatiza kwa njira sikuli m'manja mwathu nthawi zonse, koma kupapatiza kwa mtima kuli m'manja mwathu. Munthu wopanikizika angathe kukhalabe ndi mtima waukulu, ndipo Paulo ndiye mboni yake.

Nanga chombo chachikulu chimadutsa bwanji osachidula? Amalinyero amachita zinthu zinayi, ndipo tingaphunzirepo.

Choyamba, amayeza asanalowe. Eni chombo cha Braemar sanafike pakhomo pa ngalande n'kunena kuti tiona konko. Ankadziwa m'lifupi mwa chombo chawo, m'lifupi mwa ngalande ndi kuya kwa madzi. M'nyumba zathu zambiri mayi sadziwa zimene bambo amapeza, bambo sadziwa ngongole imene mayi ali nayo pa kantemba. Khalani pansi awirinu ndi pepala ndi bolopeni, ana atagona. Lembani zonse zolowa, lembani lendi, unga, malasha, madzi, za kusukulu ndi ngongole zonse, ngakhale zochititsa manyazi. Ena amaopa kuti kuwerengera ndi kusowa chikhulupiriro, koma Ambuye Yesu mwini, pa Luka 14, anatchula munthu wofuna kumanga nsanja amene amayamba wakhala pansi kuwerengera mtengo wake. Kawirikawiri mukalemba mudzapeza kuti mpata ndi wochepa, koma ulipo.

Chachiwiri, amachepetsa liwiro. Chombo chachikulu chikamayenda m'ngalande, madzi amene chikukankha amabwerera m'mbuyo kudzera m'kampata ka pakati pa chombo ndi khoma. Madziwo akamathamanga m'kampatako amakokera kumbuyo kwa chombo kukhoma, ndipo chombo chikawonjezera liwiro kukokako kumakulanso. Pa 23 Malichi 2021, chombo cha katundu chotchedwa Ever Given, chotalika mamita 400, chinalowa m'ngalande ya Suez ku Egypt kukuwomba mphepo yamphamvu, chikuyenda mopitirira liwiro lololedwa. Chinapingasa ngalande, mutu kugombe ili, kumbuyo kugombe linalo. Chinakhala pomwepo masiku 6, ndipo zombo zoposa 300 zinaima kudikira. Ifenso tikapanikizika timafuna kutuluka msanga. Timathamangira kaloba wobweza ndi chiwongoladzanja chachikulu pakutha pa mwezi, ena amaika ndalama ya lendi pa beting'i ya mpira pa foni. Mwezi wotsatira wakaloba amanyamula TV ndi firiji, ndipo amene amaima kudikira kumbuyo kwathu ndi ana, akazi athu ndi makolo athu. Akulu anati kuthamanga sikufika.

Chachitatu, amalola kukokedwa. Chombo chonyamula anthu 900, cha injini zamphamvu, chinamangidwa chingwe n'kutsogozedwa ndi boti laling'ono. Abambo, apa ndi pamene timalephera ambirife. Timalolera kugona ndi njala kapena kukwiyira ana, kusiyana ndi kuuza mkulu wa mpingo kuti kunyumba zinthu zavuta. Chingwe chimene Mulungu amatiponyera nthawi zambiri chimachokera kwa anthu ang'onoang'ono ngati ife tomwe: chilimba cha amayi a kumsika, mneba wobwereketsa wilibala kuti mnyamata akagwire ganyu, gulu la amayi a mumpingo lobwera ndi pamela ndi kabotolo ka saladi. Mutu umodzi susenza denga. Ndipo inu amene chaka chino muli pabwinoko, kumbukirani zimene Paulo anawalembera Akorinto omwewa m'chaputala 8, za mipingo ya ku Makedoniya imene inapereka ili mu umphawi waukulu. Musadikire kuti wovutika adzagwade pakhomo panu. Boti lokoka ndi limene limapita kumene kuli chombo.

Chachinayi, amalandira woongolera wodziwa ngalandeyo. M'ngalande zazikulu za padziko, chombo chikafika pakhomo mumakwera munthu amene ntchito yake ndi kudutsitsa zombo pamalo amenewo tsiku ndi tsiku. Ku ngalande ya Panama kaputeni amamusiyira munthuyo ulamuliro wa kayendedwe ka chombo mpaka atatuluka. Kaputeni amadziwa chombo chake, koma woongolerayo amadziwa pamene pali mwala ndi pamene madzi amakoka. Ambuye wathu anabadwira modyera ziweto, anathawirapo kudziko lachilendo ali khanda, anakhala wopanda nyumba yakeyake, ndipo anadutsa m'manda n'kutulukira tsidya lina. Palibe popapatiza pamene sanapitepo. Kumusiyira chiwongolero ndi kumvera mawu ake pa nthawi imene mtima ukutiuza zina: osanama pa sikelo, osakweza dzanja pa mkazi chifukwa cha nkhawa ya ndalama, osagulitsa tsogolo la mwana wamkazi ndi malowolo.

Wina afunsa kuti, kodi palibe choyenera kutaya? Chilipo. Werengani Machitidwe 27. Namondwe atakula, amalinyero anataya katundu, anataya zipangizo za chombo, pomaliza anataya ndi tirigu yemwe. Koma amalinyero atafuna kuthawa okha pa kabwato, Paulo anawaletsa kudzera mwa asilikali, ndipo asilikali atafuna kupha akaidi, mkulu wawo anakana. Chombo chinasweka, koma anthu onse 276 anafika kumtunda. Anataya zinthu n'kusunga anthu. Ifenso tili ndi katundu wotaya: mowa wa pa Lachisanu, kitcheni pate ya ngongole yofuna kuposa ya aneba, chitenje chatsopano pa mwambo uliwonse, foni yodula yogula kuti anthu atione. Tisanayang'ane mbale ya mwana wamasiye, tiyambe tataya zimenezi.

Tikudziwanso kuti pali nyumba zina zimene zataya zonse, koma mpata sukuonekabe. Ngati zafika pamenepo, itanani abale a mbali zonse ziwiri, mugawane mtolo poyera. Mwana akapita kukakhala kwa amalume ake mwa pangano, sukulu ikupitirira, inu mukumuyendera ndi kumutumizira kangachepe, ameneyo sanatayidwe m'madzi. Wasamutsidwira m'bwato lina la ulendo womwewo. Chimene Mulungu amadana nacho ndi kumuthamangitsa ndi mawu olasa ndi njala mpaka achoke yekha, akagone pansi pa mlatho m'tauni. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Ngalande ya Korinto ili ndi polowera ndi potulukira, ndipo amene ali pakati amangoona makoma. Mwina inu muli pakati lero. Sabata ino chitani chinthu chimodzi mwa izi: lembani pepala lija ndi mnzanu wa m'banja, kapena uzani munthu mmodzi wa mumpingo zoona zake za kunyumba kwanu, kapena pitani ndi kambale ka unga kunyumba imene mukudziwa kuti moto sunayake. Madzulo ano nsima ikaphikidwa, muitane onse a m'nyumba ndi mayina awo, adye pamodzi.

Tiyeni tipemphere.

Atate wathu wakumwamba, mukudziwa nyumba iliyonse ya muno m'Chaisa ndi chiwerengero cha ogona m'menemo. Mukudziwa amene lendi yawakwanira ndi amene landilodi wawapatsa masiku. Tikhululukireni pamene tinawerengera ana amasiye nsima, ndi pamene tinathamangira njira zachidule n'kuika mabanja athu m'mavuto. Tipatseni kulimba mtima konena zoona, kudzichepetsa kolandira thandizo, ndi maso oona mnzathu amene akufunika chingwe. Kwerani m'chombo chathu, Ambuye Yesu, mugwire chiwongolero, mutidutsitse tonse popanda wotsala. Tapempha m'dzina lanu. Amen.