Kutsuka Kabuleta ya Njinga Yamoto Yaing'ono

Nkhani ya lero ikukhudza eni njinga zamoto zing'onozing'ono za mtundu wa skuta, zimene zimapepusa maulendo a aphunzitsi, alangizi ndi amalonda. Dandaulo la ambiri mwa iwo ndi limodzi: njinga imene kale inkalira msanga m'mawa tsopano ikuvuta kuliza, ikuzima ikaima pa mphambano, ikufooka pa chitunda, ndiponso ikumwa petulo wambiri. Kawirikawiri gwero la mavuto amenewa ndi kachipangizo kotchedwa kabuleta. Skuta zina zamakono zilibe kabuleta, popeza mafuta ake amapoperedwa mu injini ndi mphamvu ya magetsi, koma nkhaniyi ndi ya zimene zili nayo.

Ntchito ya kabuleta ndiyo kusakaniza petulo ndi mpweya pa muyeso woyenera. Kuti petulo apse bwino, gawo limodzi la petulo limafuna magawo pafupifupi 15 a mpweya, poyesa kulemera kwake. Injini ikamakoka mpweya, mpweyawo umadutsa pa khosi lopapatiza la kabuleta, pamene umathamanga kwambiri, ndipo liwiro lakelo limayamwa petulo kuchokera m'kambale kokhala kunsi. Khosi limeneli limatchedwa ndi dzina la Giovanni Battista Venturi, katswiri wa ku Italy amene anafotokoza za madzi oyenda m'mipope yopapatiza m'chaka cha 1797.

Petulo amakwera m'khosimo kudzera m'tizitsulo ta mkuwa toboola pakati, totchedwa majeti. Jeti yaikulu imagwira ntchito njinga ikamathamanga, ndipo yaing'ono imadyetsa injini pamene njinga ikulira chiimire. Pa skuta ya 50cc, bowo la jeti yaikulu silikwana milimita imodzi, ndipo la yaing'ono silikwana ngakhale theka la milimita. Motero kamchenga kamodzi kokha n'kokwanira kuimitsa ulendo wa munthu.

Zinyalala zimafika m'kabuleta m'njira zitatu. Yoyamba ndi fumbi la m'chilimwe, limene limalowa sefa ya mpweya ikang'ambika. Yachiwiri ndi dzimbiri ndi mchenga zochokera m'thanki kapena m'zigubu zosatsuka bwino. Yachitatu ndi petulo wokhalitsa, amene amauluka n'kusiya utomoni womata m'timabowo. Ku Malawi kuno petulo anayamba kusakanizidwa ndi ethanol m'chaka cha 1982, pamene fakitale ya ku Dwangwa inayamba kumutcheza kuchokera ku zotsalira za nzimbe. Ethanol amakoka chinyontho, ndipo njinga ikangokhala nthawi yaitali, madzi amadikha pansi pa kambale n'kuyamba kudya zitsulo.

Wofuna kutsuka kabuleta ayambe ndi kusamala moyo wake. Ntchitoyi igwiridwe panja, injini itazizira, kutali ndi mbaula, nyali ya koloboyi kapena wosuta fodya, pakuti mpweya wa petulo umayaka ngakhale moto uli pataliko. Ana asayandikire. Waya wa batire achotsedwe, ndipo njira ya petulo itsekedwe. Pansi ayalepo nsalu yoyera, kuti kachitsulo kakagwa kasasowe m'dothi.

Asanamasule chilichonse, aonetsetse kumene paipi iliyonse ndi waya aliyense akupita, ndipo ngati n'kotheka ajambule chithunzi ndi foni. Kenaka amasule sikuluwu ya pansi pa kambale kuti petulo wotsalamo atsikire m'chitini choyera. Petulo ameneyu amanena zambiri: madontho odikha pansi ndi madzi, ndipo tinyenyeswa tofiirira ndi dzimbiri la m'thanki. Akatero achotse kabuleta pa injini, natseke bowo lotsala ndi kansalu koyera.

Kambale kakatsegulidwa, m'kati mumaoneka fuloti, ndiko kachinthu koyandama pa petulo, pamodzi ndi kansonga kamene kamatseka njira petulo akadzaza. Fuloti ikaboola, kapena kansongako kakaperepeseka, petulo amasefukira n'kumatayikira pansi. Majeti amasulidwe ndi sikuludiraiva yokwana bwino pa mpata wake, chifukwa mkuwa ndi wofewa ndipo suchedwa kuphwanyika. Pamwamba pa kabuleta zambiri za skuta pali kamphira kopyapyala kamene kamakweza singano ya petulo. Kameneka kachotsedwe mosamala n'kuikidwa pambali, pakuti mankhwala otsukira kabuleta amawononga mphira. Akakayang'ana pa dzuwa n'kuona kuwala kukudutsa, adziwe kuti kabooka ndipo pafunika kena.

M'mbali mwa kabuleta muli sikuluwu ina yaing'ono yoyesera msakanizo wa petulo ndi mpweya. Asanaichotse, aimange pang'onopang'ono mpaka itagunda, osaikakamiza, uku akuwerenga kuti yazungulira kangati. Chiwerengerocho achilembe, kuti pobwezera adzaiike pamene inali.

Tsopano pafika pamene ambiri amalakwitsa. Munthu akaona jeti yotsekeka, mtima umamuuza kuti atenge singano, waya wachitsulo kapena kamsomali n'kutokosa. Jetiyo imatseguka ndithu, koma bowo lake limakula, ndipo madzi akatayika saoleka. Kuyambira tsiku limenelo njinga imamwa petulo wopitirira muyeso, imatulutsa utsi wakuda, ndipo pulagi yake imada mwaye sabata ndi sabata. Ena amakuza bowolo dala, poganiza kuti petulo wambiri ndiye mphamvu zambiri. Zimenezi si zoona. Injini imapeza mphamvu pa petulo amene wapsa, ndipo wotsalayo amangotuluka ku ekizozi pamodzi ndi ndalama za mwini wake. Kutsuka kabuleta kumabwezera mphamvu imene inatayika. Sikupatsa njinga mphamvu imene opanga ake sanaikemo.

Njira yoyenera ndiyo kuviika majeti m'mankhwala otsukira kabuleta kufikira utomoni utafewa, kenaka kuwapemerera ndi pampu ya njinga yakapalasa kapena mpweya wa pa galaja. Kupemerera ndi pakamwa n'koopsa, pakuti petulo ndi mankhwalawo ndi poizoni, ndipo maso nawonso atetezedwe. Chinyalala chikakanirira, kaubweya kamodzi ka burashi yapulasitiki n'kokwanira. Jeti yoyera imaonetsa kabowo kobulungira bwino ikalozetsedwa ku dzuwa. Tinjira tonse ta m'thupi la kabuleta natonso tipemereredwe chimodzimodzi. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pobwezera, zinthu zimangidwe mokwanira chabe. Gasiketi yong'ambika isinthidwe, ndipo mphira wolumikiza kabuleta ku injini aunikidwe bwino, chifukwa mng'alu pamenepo umalowetsa mpweya wosayesedwa. Injini ikalira ndi kutentha, njinga iyendetsedwe mtunda wautaliko, kenaka pulagi imasulidwe itazizira. Nsonga yake ikafanana ndi tiyi wothira mkaka, muyeso uli bwino. Ikada ngati mwaye, petulo wachuluka. Ikayera ngati phulusa, petulo wachepa, ndipo zimenezo n'zoopsa koposa, popeza injini imatentha mpaka kuwonongeka.

Omvera a m'maboma a kumapiri adziwenso kuti mpweya wa kumtunda ndi wopepuka. Njinga yoyesedwa bwino ku Nsanje ingathe kudetsa pulagi ku Dedza, kumene n'kokwera mamita oposa 1,500, chonsecho kabuleta ili yoyera. Pamenepo chofunika ndi makaniko wodziwa kuyesa, amene angaikemo jeti ya nambala yoyenera.

Pomaliza, kabuleta yotsukidwa lero idzadanso posachedwa ngati gwero la zinyalala silinatsekedwe. Sefa ya mpweya ya siponji ichapidwe, iume, ndipo ipakidwe oyilo pang'ono. Ya pepala sichapidwa, imangosinthidwa. Petulo wa m'chigubu asefedwe pa nsalu yoyera asanalowe m'thanki. Njinga yoti ikhala mwezi osayenda, mwini wake akhuthule petulo wa m'kambale. Wochita zimenezi adzaona kuti njinga yake ikulira m'mawa mosavuta, ikukwera zitunda monga kale, ndipo lita imodzi ya petulo ikumufikitsa kumene inkamufikitsa njingayo ili yatsopano.