Sukulu ya pa foni: kodi wopambana ndi mwana kapena netiweki?

(Mau olankhulidwa kwa aphunzitsi ndi makolo pa boma la Dedza)

Ine si mphunzitsi ai. Ndine mtolankhani, ndipo ku yunivesite komwe ndinachoka ndisanamalize, choncho ndikaphonya mundikonze.

Sukulu yopanda makoma si yachilendo m'dziko muno. M'chaka cha 1965 boma linatsegula Malawi Correspondence College, imene pambuyo pake inatchedwa MCDE. Mwana amene sanasankhidwe kupita ku sekondale ankalandira maseti, kumvera maphunziro pa wailesi ya MBC, ndi kupereka ntchito yake kuti ichongedwe. Ena mwa inu munadzera momwemo.

Tsono pa 23 Malichi 2020 sukulu zonse zinatsekedwa chifukwa cha mliri wa Covid-19. Unduna wa Maphunziro unaika pulogalamu ya Tikwere pa wailesi kuti ithandize ana a pulaimale, ndipo a sekondale anauzidwa kuti manotsi akawapeza pa intaneti. Maganizo abwino ndithu. Koma kalembera wa 2018 anali atatiuza kale kuti mwa mabanja 100 alionse, pafupifupi 11 okha ndiwo amaunikira magetsi, ndipo pafupifupi theka la mabanja analibe foni ya m'manja. Nanga mwana wa ku Mayani kapena ku Lobi manotsiwo akanawatsegulira pati?

Nthawi imeneyo ndinali pakhomo, wopanda chochita. Ine ndi anzanga awiri tinatsegula kagulu pa WhatsApp kothandiza ana a Fomu 4 masamu ndi Chingerezi. Poyamba tinkangoponyamo manotsi ngati munthu wofesa mapira, ana nkukhala chete. Tinazindikira mochedwa chimene a MCDE ankachidziwa kale: mwana safuna manotsi okha, amafuna munthu woona ntchito yake namuuza kuti apa walakwa. Titayamba kuchonga, kaguluko kanadzuka.

Kenaka tinati tiyambitse mpikisano, monga wa Top of the Class umene makolo athu amaukumbukira pa wailesi. Lamulo linali lapafupi: funso likaponyedwa, woyamba kuyankha molondola ndiye wapata. Mphoto yake inali mayunitsi. Sabata ndi sabata opambana anali omwewo, ana a pa boma pano, okhala moyang'anana ndi nsanja za pa phiri paja. Ife tinkaomba m'manja kuti tapeza anzeru.

Panali mtsikana wina wa kumudzi amene mayankho ake ankafika usiku, ena onse atagona. Tsiku lina ndinakhala pansi ndi kuwawerenga onse. Anali olondola pafupifupi onse, ndipo njira yake yosovera inali yaukhondo kuposa ya akatswiri athu aja. Nditamuimbira anandiuza kuti foni ndi ya amalume ake, amene amabwera nayo madzulo kuchokera kogulitsa mbatata, ndipo kuti uthenga upite amakwera pa chulu kuseri kwa nyumba, m'chisanu cha Juni chimene nonse mukuchidziwa. Ndinachita manyazi. Miyezi iwiri yathunthu tinkapereka mphoto kwa netiweki.

Panalinso china. Mnyamata wina wopambana kawiri-kawiri, titamuimbira kuti afotokoze yankho lake pakamwa, anangoti kakasi. Ankamuyankhira ndi achimwene ake. Musadabwe nazo: m'Novembala chaka chomwecho mayeso a MSCE anaimitsidwa ataululika, mapepala akuyenda pa mafoni, ndipo ana analembanso mu Januwale 2021. Foni yobweretsa phunziro ndi yomweyo yobweretsa chinyengo.

Choncho tinasintha malamulo. Funso linkaperekedwa madzulo, ndipo mwana anali ndi tsiku lonse loyankhira. Yankho lilembedwe pamanja m'kope, njira yonse ioneke, kenaka alijambule. Amene alibe foni yojambula atumize uthenga wamba, kapena kope lidzere kwa mphunzitsi wapafupi. Ofika kumapeto tinkawaimbira ife, ndi mayunitsi athu, nkuwafunsa pakamwa mphunzitsi ali pambali. Ntchito inachuluka, ndipo mnzathu mmodzi anatopa nasiya. Koma maina a opambana anasintha, ndipo mtsikana uja anapambana kawiri sukulu zisanatsegulidwe mu Seputembala.

Ndamva kuti ena mwa inu mukufuna kuyambitsa zotere, ndipo ana anu a ku Johannesburg ndi ku London alonjeza kutumiza mafoni ndi makompyuta. Landirani. Koma taonani mmene boma linayambira pulogalamu ya BEFIT m'chaka cha 2023, m'sukulu za pulaimale 500: matabuleti okhala ndi maphunziro a onebillion m'Chichewa, ogwira ntchito popanda intaneti, otchajidwa ndi dzuwa, osungidwa pa sukulu kuti mwana wa mlimi ndi mwana wa bwana agwire chipangizo chimodzi-modzi. Kaya pulogalamuyo idzafika pati, nzeru yake ndi yoyenera kubwereka.

Ndiye musanalembe kalata yopempha zipangizo, komiti yanu iyambe yagwirizana za amene azichonga ntchito ya ana ndi chimene muzimupatsa, chifukwa ife tinkadalira kudzipereka ndipo kudzipereka kunatha. Mugwirizanenso za kumene ana opanda foni azikasonkhana, kaya ndi pa TDC kaya pa tchalitchi, ndi amene azisunga kiyi. Za mphoto mukambe pomaliza.

Mafunso ndilandira.