Chamba cha Mafakitale: Tifunse Tisanabzale

Mau olankhulidwa kwa atsogoleri a miphakati ndi a makomiti a chitukuko m'maparishi a ku mapiri a Dedza

Tikudziwa kuti mutu wa nkhani yathu wadabwitsa ena. Mwina mumtima mukuti: kodi a chitukuko a mu Mpingo ayamba liti kukamba za chamba? Mtima m'malo. Sitinabwere kudzalimbikitsa kusuta ai. Tabwera chifukwa nkhaniyi inafika kale m'midzi mwathu kudzera pa wailesi ndi m'misika, koma ambiri anangoimva mapeto ake okha. Tsono munthu amene wamva mapeto okha a nkhani ndiye amagwa m'mavuto.

TIYAMBE NDI ZIMENE TIKUONA

Inu akulu-akulu amene munabadwira kuno mukukumbukira m'mene mapiri athu analili. Lero tikayang'ana m'mbali mwa phiri la Dedza, ku nkhalango ya Chongoni kapena ku nkhalango ya Dedza-Salima, tiona malo ambiri ali mbee. Mitengoyo inapita kuti? Ina tinaphikira, ina inasanduka makala. Ina inathera m'mauvuni a njerwa ndi pa zigafa za fodya. Inanso tinaipha pofuna luzi, pakuti mtengo wa mombo ukasendedwa khungwa kuzungulira, umauma uli chiimire. Mtengo wotere umatenga zaka makumi angapo kuti ukule, koma timautha m'mawa umodzi.

Taonaninso za mapulasitiki. Kale tinkanyamula zinthu m'madengu ndi m'ziguduli. Lero pa msika wa Chimbiya, pa Bembeke kapena pa Lizulu, msika ukatha pamatsala majumbo ali mbwee. Saola, amatseka ngalande, ndipo mbuzi zikawadya zimafa.

Boma linaona mabvutowa. M'chaka cha 2015 linaletsa mapulasitiki opyapyala, ndipo m'chaka cha 2019 Bwalo Lalikulu la Apilo linagamula kuti chiletsocho nchoyenera. M'chaka cha 2018 panatulukanso malamulo oletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa zomanga-manga zikulu-zikulu monga za Boma. Ngakhale Papa Francis, m'kalata yake ya Laudato Si' ya m'chaka cha 2015, anatikumbutsa kuti dziko lapansi ndi mudzi wa tonse woyenera kuusamala. Koma kuletsa kokha sikukwanira. Munthu ukamulanda chingwe, uyenera kumuonetsa china chomangira mtolo wake. Apa ndi pamene anthu ena akutchula chamba cha mafakitale.

KODI CHAMBA CHA MAFAKITALE NCHIYANI?

Tonse timadziwa chinangwa. Pali chinangwa chozuna chimene timadya chachiwisi, palinso chowawa chimene chingathe kupha munthu ngati sichinaviikidwe. Zonse ndi chinangwa, koma zimasiyana kuchuluka kwa ululu umene uli m'kati. Chamba nachonso chili choncho. M'chamba muli mankhwala otchedwa THC, amene amazunguza bongo. Chamba chosuta chija chili ndi THC wambiri. Chamba cha mafakitale, chimene pa Chingerezi amati industrial hemp, chili ndi THC wochepa kwambiri. Lamulo la dziko lino likuti asapitirire gawo limodzi mwa magawo 100. Munthu atachisuta angotsokomola, osaledzera.

Koma onetsetsani ichi: masamba a mitundu iwiriyi amafanana. Diso la mfumu, la wapolisi kapena la mlimi silingathe kusiyanitsa bwino-bwino. Amasiyanitsa ndi akatswiri poyeza ndi makina. Nchifukwa chake lamulo pa mbeu imeneyi ndi lokhwima.

Mbeuyi imakhwima pa miyezi itatu kapena inai, ndipo mitundu yolimira ulusi imatalika mamita awiri mpaka anai. Amaibzala mothithikana, kotero kuti udzu umasowa dzuwa. Ikakololedwa imapereka zinthu zitatu.

Choyamba ndi khungwa la phesi lake. Mapesi amawayala pa mame kapena kuwaviika m'madzi kuti khungwa lilekane ndi mtima, kenaka amawaphwanya. M'khungwamo mumatuluka ulusi wolimba wopangira zingwe, matumba, nsalu ndi mapepala. Zinthu zimenezi zikatha ntchito zimaola nkubwerera ku nthaka, pamene thumba la pulasitiki limakhala zaka-zaka.

Chachiwiri ndi mtima wa phesi. Amaudula tizidutswa, nkusakaniza ndi laimu ndi madzi, ndipo amaumba zipupa kapena zidina zosafuna kuotcha. Nyumba yotere imasunga kutentha, chinthu chimene ife a kuno ku Dedza tingachiyamikire m'miyezi ya June ndi July.

Chachitatu ndi njere zake. Pafupi-fupi gawo limodzi mwa magawo atatu a njere ndi mafuta, amene amadyedwa ndiponso amapangira sopo ndi mafuta odzola. Zotsala pofinya zimakhala chakudya cha ziweto.

Zimenezi si zachilendo pa dziko lapansi. Ku China anthu ankapanga mapepala ndi nsanza za mbeuyi zaka pafupi-fupi 2,000 zapitazo. Zombo za kale za azungu zoyendera mphepo zinkadalira zingwe ndi matanga a ulusi umenewu. Ku France, kumene amalima mbeuyi kuposa maiko ena a ku Ulaya, anayamba kumangira zipupa za nyumba m'zaka za m'ma 1980. Makampani ena a galimoto amaikanso ulusiwu m'kati mwa zitseko m'malo mwa pulasitiki yekha-yekha.

MBIRI YAKE KUNO KU MALAWI

M'chaka cha 2015, a Boniface Kadzamira, amene pa nthawiyo anali phungu wa kumpoto kwa boma la Ntchisi, anaimirira m'Nyumba ya Malamulo nkupempha kuti dziko lino lilole ulimi wa chamba cha mafakitale. Ambiri anawaseka. Komabe Boma linalola kuti mbeuyi iyesedwe pa malo a kafukufuku wa za ulimi a Chitedze ku Lilongwe, mogwirizana ndi kampani ya Invegrow. Chimene chinkakankha maganizowa ndi chakuti fodya, amene kwa zaka zambiri wakhala akubweretsa ndalama zakunja zochuluka, msika wake sulinso wodalirika chifukwa maiko ambiri akulimbana ndi kusuta.

Mu February 2020 aphungu anavomereza lamulo lotchedwa Cannabis Regulation Act. Lamuloli linakhazikitsa bungwe la Cannabis Regulatory Authority, limene ntchito yake ndi kupereka ziphaso ndi kuyang'anira olima, okonza ndi ogulitsa. Ziphaso zoyamba zinaperekedwa m'chaka cha 2021 kwa makampani ndi makopaletivi.

Pamenepa pali phunziro kwa ife nzika. Ganizo limene linasekedwa linasanduka lamulo patapita zaka zisanu. Malamulo sagwa kumwamba ngati mvula. Amapangidwa ndi anthu amene ife timawasankha, ndipo ngati lamulo likusiya kunja mlimi wamng'ono, tili ndi ufulu wouza phungu wathu kuti akalikonze.

ZIMENE LAMULO LIKUNENA

1. Lamulo la 2020 silinalole kusuta chamba. Makolo, kauzeni ana anu zimenezi momveka, chifukwa achinyamata ena anamva kuti "chamba achivomereza" ndipo anathera pomwepo.

2. Palibe wololedwa kulima, kusunga, kunyamula kapena kugulitsa chamba cha mafakitale popanda chiphaso. Kalata ya a mfumu kapena khadi la kalabu si chiphaso ai.

3. Chilango chimene chinaikidwa m'lamulo la 2020 kwa wolima kapena wogulitsa popanda chilolezo chimafika pa zaka 25 m'ndende ndi chindapusa cha K50 miliyoni.

4. Chiphaso si chotchipa. Pamene mitengo inalengezedwa koyamba m'chaka cha 2020, chiphaso cholimira chamba cha mafakitale chinali madola 2,000 a ku America, ndipo cha chamba chopangira mankhwala a m'chipatala chinali madola 10,000. Mlimi wa kachewere wa ku Bembeke sangathe yekha. Apa mpamene timaona kuti mutu umodzi susenza denga.

ZIMENE OTSATSA MALONDA SANENA

Abale athu, akulu-akulu anati chikome-kome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Ubwino tauchula, tsono timvenso mbali inayo.

Mbeuyi simera pa thanthwe. Imafuna nthaka ya chonde ndi manyowa kapena feteleza, monga m'mene chimanga chimafunira, ndipo imadana ndi malo odikha madzi. Mbeu yobzala nayonso si iliyonse. Mitundu yambiri ya ku Ulaya inazolowera masiku atali-atali a chilimwe cha kwao. Kuno kwathu usana ndi usiku sizisiyana kwambiri, choncho mitundu yotere imafulumira kuchita maluwa isanatalike, ndipo ulusi umachepa. Komanso ngati pafupi pali chamba chosuta, mphepo imanyamula mungu wake, ndipo njere zimene mungasunge kuti mudzabzale chaka chamawa zingadzabale chamba chopitirira muyeso wa lamulo. Mlimi wosalakwa angapezeke ali pa mlandu.

Phesi silisanduka lokha chingwe kapena pepala. Pamafunika makina olekanitsa ulusi ndi mtima, ndipo popeza mapesi ndi odzadza galimoto koma opepuka, makinawo ayenera kukhala pafupi ndi minda. Chipupa cha laimu chija sichisenza denga pachokha, chimafuna mizati ya matabwa kapena ya zitsulo. Laimu nayenso amaotchedwa ndi moto, ndipo akaotchedwa ndi nkhuni ndiye kuti tapulumutsa mtengo wa ku Dedza nkupha wa ku Balaka.

Chachikulu pa zonse ndi msika. Ziphaso zitayamba kuperekedwa, nyuzipepala za dziko lino zinalemba za alimi amene analowa m'magulu, napereka ndalama zolembetsera, za maphunziro ndi za mbeu, ena mpaka kutenga ngongole, koma atakolola wogula sanaoneke. Taganizani bwino. Kachewere akasowa wogula wa galimoto, timamuika m'ndowa pa mseu wa M1, ndipo akakanika pamenepo timadya ndi ana. Nanga mapesi a chamba tingadye? Tingawaike pa mseu? Ai, wogula wake ndi yekhayo amene ali ndi chiphaso. Akakana iyeyo, banja lagona ndi njala. Minda yathu kuno ndi yaing'ono, ndipo mzere uliwonse umene tapatsa mbeu yatsopano taulanda kwa chimanga, nyemba kapena kachewere.

NANGA TICHITE CHIYANI?

Ife sitikuti mbeuyi ndi yoipa, ndiponso sitikuti thamangani mukabzale. Tikuti ndi mbeu yothandiza imene ingapepuze katundu amene tasenzetsa mitengo yathu, koma phindu lake lidzafika pa khomo la mlimi pokha-pokha ngati chiphaso, mbeu yoyenera, makina ndi wogula zilipo tisanagwire khasu. Safunsa anadya phula. Tsono munthu akabwera m'mudzi mwanu ndi nkhani ya chamba cha mafakitale, musamuthamangitse, koma mumukhazike pansi pamaso pa a mfumu ndi alangizi a za ulimi, nkumufunsa mafunso awa:

1. Chiphaso chanu chili kuti, ndipo chikuloleza chiyani: kulima, kugula kapena kukonza? Musakhutire ndi pepala lokha, tumani munthu akatsimikize ku Cannabis Regulatory Authority.

2. Mbeu yanu ndi ya mtundu wanji, ndipo inayesedwa kuti m'dziko muno?

3. Adzagule ndani, pa mtengo wanji, ndipo makina ake ali kuti? Tingapite kukawaona ndi maso athu?

4. Mbeu ikadzapezeka ndi THC wopitirira muyeso, adzaluze ndani?

5. Kodi mgwirizanowu ulembedwa m'Chichewa, ndipo aliyense asunga pepala lake?

Wochita malonda oona sakwiya ndi mafunso otere. Amene akukuumirizani kuti mupereke ndalama lero lomwe, "malo asanathe", ameneyo muchenjere naye. Ndipo ngati gulu lanu lakhutira ndi mayankho, yambani ndi kamunda kamodzi ka gulu, osati munda wa chakudya wa banja. Amai akhalepo pogwirizana, chifukwa njala ikalowa m'nyumba ndiwo amayamba kuiona.

Kwa aphungu ndi makhansala athu tili ndi zopempha zomveka. Afunse Boma kuti mitengo ya ziphaso ikhale yoti makopaletivi a alimi ang'ono-ang'ono angathe, kuti alangizi athu aphunzitsidwe za mbeuyi, ndi kuti mafakitale okonza ulusi amangidwe m'dziko momwe muno, kuti tisamagulitse mapesi motchipa nkudzagulanso chingwe modula.

Potsiriza, tisadikire chamba cha mafakitale kuti tiyambe kusamala mapiri athu. Khonje ndi nsungwi zimamera kale kuno, sizifuna chiphaso, ndipo zimapereka zingwe, madengu ndi phaso. Mbaula zosatha nkhuni tikuzidziwa. Zidina za dothi losakaniza ndi simenti pang'ono, zosaotcha, amisiri athu ena akuumba kale. Dengu la ku msika lili m'nyumba mwathu. Zimenezi tingayambe sabata ino.

MAFUNSO OKAMBIRANA PA MPHAKATI

1. M'mudzi mwathu, ndi ntchito ziti zimene zikutha mitengo kwambiri? Ndi iti imene tingaisinthe chaka chino?

2. Kodi ana athu akudziwa kusiyana kwa chamba chosuta ndi chamba cha mafakitale? Adzawafotokozere ndani?

3. Kodi tinapusitsidwapo ndi anthu obwera ndi mbeu yatsopano kapena msika wa pakamwa? Tinaphunzirapo chiyani?

4. Phungu wathu akadzabwera, tidzamufunsa chiyani pa nkhaniyi, ndipo adzatilankhulire ndani?

Zimene mwamva pano musazisiye pa mpando. Kazifikitseni kwa anzathu amene sanathe kubwera.