Mayeso Achiwiri a Mmisiri Womanga

Mawu amene analankhulidwa kwa amisiri ndi eni makampani ang'onoang'ono a zomangamanga pa Msundwe



Dera lino silisowa manja odziwa ntchito. Kuyambira pa Mpingu kukafika pa Namitete, kukhotera ku Nsaru, Kabudula mpaka ku Nambuma, kuli anthu amene amaimika khoma lowongoka ndi chingwe ndi levulo basi. Ena anaphunzira pa Namitete Technical College, ena anayamba ngati madakaboyi, nakula akuonera kwa akuluakulu. Komabe khonsolo ikalengeza ntchito yomanga mdadada wa sukulu, nyumba ya mphunzitsi kapena shedi ya pa msika, si kawirikawiri kuti mmisiri wa konkuno aipeze m'dzina lake. Amadzalembedwa ganyu pa ntchito ya m'mudzi mwake momwe, akulandira malangizo kwa folomani amene mwina sangamupose luso. Mayeso a khoma anakhoza kalekale. Amene amamugwetsa ndi achiwiri, a malamulo ndi kayendetsedwe ka bizinesi.

Kunja kwina mayeso amenewa amalembedwa ndithu m'chipinda. Ku California, m'dziko la America, wofuna chiphaso cha ukontrakitala amalemba mapepala awiri: la luso la ntchito yake, ndi lina la malamulo ndi bizinesi. Akalephera lachiwirilo, chiphaso sapata, ngakhale atakhala katswiri wotani. Kuno mafunso omwewo amabwera pang'onopang'ono: pa fomu yolembetsera, m'zikalata za tenda, ndiponso tsiku limene malipiro achedwa pomwe antchito ali pakhomo.

Funso loyamba ndi la mapepala, ndipo ndi losavuta kuposa onse. Bizinesi ilembetsedwe ku ofesi ya boma yolembetsa mabizinesi, ikhale ndi nambala ya msonkho ya TPIN yochokera ku MRA, ndi akaunti yakeyake ku banki. Kenaka pali kulembetsa ku bungwe loyang'anira zomangamanga: lamulo la 1996 linakhazikitsa National Construction Industry Council, NCIC, kuti izilembetsa ndi kuyang'anira onse ogwira ntchito za zomangamanga. Kulembetsako kuli ndi magulu, malinga ndi mtundu wa ntchito ndi kukula kwa ndalama zimene kampani ingathe kusenza, ndipo chiphaso chimafuna kukonzanso nthawi yake ikakwana. Wofuna ntchito za boma alembetsenso ku PPDA, bungwe loyang'anira kagulidwe ka katundu ndi ntchito za boma. Tenda yosowa chimodzi mwa zikalata zofunsidwa imaikidwa pambali mtengo wake usanawerengedwe n'komwe.

Funso lachiwiri ndilo limene lagwetsa ambiri: mtengo. Mmisiri wozolowera nyumba za anthu amawerengera matumba a simenti, malata, mchenga ndi malipiro a anyamata, n'kuwonjezerapo kangachepe kake. Ntchito ya boma siyenda choncho. Mwachitsanzo, ntchito ikhale ya K40,000,000. Ngati mgwirizano ukunena kuti 10 peresenti isungidwe ngati chikole cha zolakwika, ndiye kuti K4,000,000 sifika m'manja mwa kontrakitala pamene akumanga. Gawo lina limatuluka ntchito ikaperekedwa, lotsalalo limadikira miyezi imene mgwirizano waika yoti ming'alu ndi kudontha kwa denga zionekere. Pamalipiro aliwonse khonsolo imadulanso msonkho wa MRA, ndipo palinso msonkho wa bungwe loyang'anira zomangamanga umene uyenera kuoneka m'mawerengero. Fodya wako ndi amene ali pamphuno: wowerengera K40,000,000 yonse ngati ili kale m'thumba amafika pa lintala ndalama zitatha.

Kuwonjezera apo, kawirikawiri boma sililipira ntchito imene sinagwiridwe. Kontrakitala amamanga kaye, injiniya wa khonsolo adzayeza, satifiketi ya malipiro ilembedwa, kenaka ndalama zituluke. Pakati pa kuyeza ndi kulandira pamatha kudutsa masabata, ndipo simenti ya gawo lotsatira iyenera kugulidwa masabata omwewo. Amene alibe pogwira amathamangira kwa akatapila, ndipo phindu lonse limathera m'chiwongoladzanja. Mofananamo, kutsitsa mtengo mopyola muyeso pofuna kupambana tenda kuli ngati kudula nthambi imene munthu wakhalapo. Makoma ambiri osafoleredwa amene amaoneka m'masukulu anayambira pamenepo, osati pa kuba kokha monga mmene anthu amafulumirira kunena.

Palinso nkhani ya mphamvu ya kwacha. Mu Meyi 2022 ndalama yathu inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti. Amene anasainira mgwirizano wa mtengo wosasintha anaona mitengo ya simenti, zitsulo ndi malata ikukwera pomwe ndalama za pa pepala zili pomwepo. Choncho ndime imodzi ya mgwirizano, yonena ngati mtengo ungasinthidwe kapena ayi, iyenera kuwerengedwa munthu asanagwire cholembera.

Apa ndiye pali funso lachitatu: mgwirizano umamva zolembedwa zokha. Ntchito ili mkati, aphunzitsi aakulu angapemphe kuti khonde litalikitsidwe, a komiti angafune zenera lina, wandale wodutsa angalamule kuti utoto usinthidwe. Mwambo wathu ndi wolemekeza akuluakulu, ndipo kukana pamaso pawo n'kovuta. Koma ndalama za ntchito yowonjezera zimatuluka pokhapokha amene mgwirizano unamupatsa mphamvu walamula molemba. Yankho laulemu lilipo: pempholo lamveka, lipite kwa injiniya, likabwera pa pepala ligwiridwa. Chimodzimodzinso mvula. Aliyense akudziwa mmene misewu ya fumbi ya kuno imakhalira mu Januwale ndi Febuluwale, pamene lole ya mchenga imatha kugona m'matope. Komabe masiku otayika sawonjezeredwa chifukwa choti aliyense anaona mvulayo. Kontrakitala alembe kalata yopempha nthawi, m'masiku amene mgwirizano waika. Akapanda kutero, chindapusa cha kuchedwa chimadulidwa pa tsiku lililonse. N'chifukwa chake kabuku ka pamalo a ntchito, kolembamo za tsiku ndi tsiku, n'kofunika ngati mpeni womangira.

Malamulo ena ndi achidule koma olumwa nawo alipo. Mu 2018, malamulo a NCIC analetsa njerwa zootchedwa ndi nkhuni pa ntchito za boma, pofuna kuteteza mitengo, kotero mtengo uwerengeredwe pa mabuloko a simenti kapena zipangizo zina zovomerezeka. Lamulo la ntchito la 2000 limaletsa kulemba ana osakwana zaka 14, ndipo malipiro asatsike pa mlingo umene boma linaika. Wantchito akagwa pa sikafodi n'kuthamangitsidwa naye ku chipatala cha St Gabriel, lamulo la chipukutamisozi cha antchito, nalonso la 2000, limayang'ana kwa womulemba ntchito.

Pali njira yachidule imene ena amaitamanda: kubwereka chiphaso cha kampani ya mnzake, n'kumupatsa kenakake. Njira imeneyi imadya onse awiri. Ndalama zimalowa mu akaunti ya mwini chiphaso, ndipo akaziuma mtima womanga alibe poyambira kudandaula, popeza dzina lake silipezeka paliponse. Ntchito ikayenda bwino, mbiri yabwino imalembedwa pa dzina la wina, kotero wobwerekayo amakalamba asanakwere gulu. Ikalephereka, mwini chiphaso ndi amene angaletsedwe kupikisana nawo pa ntchito za boma. Za ziphuphu lamulo la 1995 silisiyanitsa: wopereka ndi wolandira onse ali ndi mlandu.

Kukonzekera kwake sikufuna digiri. Amisiri anayi kapena asanu angathe kupeza zikalata za tenda yakale ya mdadada wa zipinda ziwiri, n'kukhala pansi Loweruka masana, aliyense kuwerengera mtengo payekha mzere ndi mzere, kenaka n'kufananiza. Pamene mawerengero asiyana kwambiri ndi pamene pali phunziro: wina waiwala mayendedwe a miyala, wina madzi, wina mlonda wa usiku. Zikalata zambiri zimabwera m'Chingerezi cha malamulo, ndipo palibe chamanyazi kupempha mwana amene anafika Fomu 4 kuti awerenge mokweza, kapena kupita ndi ndime yovuta ku ofesi ya zomangamanga ya khonsolo tenda isanatsekedwe. Bungwe loyang'anira zomangamanga nalo limachititsa maphunziro a makontrakitala ang'onoang'ono, ndipo n'kwanzeru kufunsa za nthawi yake. Amayi amene ayendetsa mabanki a m'mudzi kwa zaka zambiri amadziwa kale kusunga mabuku, ndipo makampani ambiri a kuno akanapindula atawapatsa kaundula wa ndalama.

Wofuna kupikisana nawo pa ntchito za chaka chamawa ayambe ndi zinthu zitatu mwezi uno: aone tsiku limene chiphaso chilichonse chikutha, asiyanitse ndalama za kampani ndi za pakhomo, ndipo asonkhanitse makalata a umboni ochokera kwa onse amene anawamangirapo, ngakhale ikhale tchalitchi kapena golosale.